Tabuleti, setilaiti ndi AI pa kafukufuku: tizikhulupirire mpaka pati ku Dowa ndi Ntchisi?

Wophunzira wa ku LUANAR amene akulemba za zokolola za soya ku Mponela, wa ku KUHeS amene akuwerenga ana odwala malungo ku Madisi, ndi wa ku yunivesite ya Malawi ku Zomba amene akufufuza mbiri ya mishoni ya Mvera, onse masiku ano amanyamula zipangizo zofanana: foni, laputopu, mwinanso tabuleti. Maphunziro awo ndi osiyana, koma funso lowakuta ndi limodzi, lakuti chipangizochi achikhulupirire mpaka pati. Mfundo imene ndikuiteteza pano ndi yakuti chipangizo n'choyenera kuchikhulupirira pokhapokha pali munthu wodziwa malowo amene angathe kuchitsutsa chikalakwa, ndipo wofufuza wampatsa munthuyo mpata wotero.

Kodi zipangizo zimenezi ndi ziti, ndipo zidafika liti m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi?

Pali zosonkhanitsira mayankho, monga ODK, KoboToolbox ndi Survey Solutions, mapulogalamu amene amaikidwa pa tabuleti kuti wofunsa azilemba mayankho pompo m'malo mwa pepala. Pali zoyezera malo, monga GPS, zithunzi za setilaiti ndi tindege touluka popanda woyendetsa. Pali zosanthulira ziwerengero, monga Stata, SPSS ndi R, komanso zojambulira mapu monga QGIS. Palinso nkhokwe za mabuku ndi zolemba zakale zimene zidajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti, ndipo tsopano pabwera mapulogalamu a AI, amene amalemba, kumasulira ndi kuyankha mafunso.

Ambiri amaganiza kuti zimenezi ndi za dzulodzuloli ndiponso za m'tauni, koma mbiri ya Dowa ikunena zina. Kuyambira Disembala 2006 mpaka Epulo 2007, bungwe la Concern Worldwide lidapereka ndalama kwa mabanja pafupifupi 11,000 a kumpoto kwa bomali amene sadakolole bwino. Ndalamazo zinkafika kumidzi pa galimoto ya banki ya Opportunity International Bank of Malawi, ndipo olandira adawakonzera makadi olumikizidwa ndi zidindo za zala zawo. Ofufuza Simon Davies ndi James Davey atalondola mmene ndalamazo zidayendera m'misika ya m'deralo, adapeza kuti kwacha iliyonse idabala makwacha opitirira awiri chifukwa chozungulira pakati pa ogulitsa chimanga, amagolosale ndi aganyu. Mu 2007 momwemo, akatswiri a zachuma Xavier Giné, Jessica Goldberg ndi Dean Yang adayamba kafukufuku pakati pa alimi a paprika oposa 3,000 m'maboma a m'chigawo chapakati, kuphatikizapo Dowa. Alimiwa ankafuna ngongole ya zipangizo zaulimi ku Malawi Rural Finance Company. Makalabu ena, osankhidwa mwamaere, adajambulidwa zidindo za zala pa kompyuta n'kuuzidwa kuti mbiri ya kabwezedwe kawo izisungidwa, pomwe ena sadajambulidwe. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa mu 2012 mu American Economic Review, zidaonetsa kuti alimi amene ankaoneka ovuta kubweza ndiwo adasintha kwambiri: adatenga ngongole zocheperako ndipo adabweza bwino, pomwe amene ankabweza kale mokhulupirika sadasinthe kwenikweni. Ntchito ziwirizi zidayamba kutatsala zaka khumi kuti kalembera wa chiphaso cha unzika wa mu 2017 ayambe.

Chasintha n'chiyani kwenikweni kuchokera pamene tabuleti idalowa m'malo mwa pepala?

Zabwino zake n'zenizeni ndipo sindikufuna kuzichepetsa. Kale mafomu ankadzaza makatoni, kunyowa ndi mvula panjira, kenako kudikira miyezi kuti wina awalembe m'kompyuta, ndipo pa sitepe iliyonse pankalowa zolakwa. Tabuleti imakana yankho losatheka, monga mwana wa zaka zitatu amene walembedwa kuti ali pabanja. Imasunga nthawi ndi malo amene funso lidafunsidwira, kotero woyang'anira amatha kugwira wofunsa amene wakhala pansi pa mtengo n'kudzaza yekha mafomu a mudzi wonse. Kalembera wa anthu wa mu 2018, amene adapeza anthu 772,569 ku Dowa ndi 317,069 ku Ntchisi, adachitika pa matabuleti, ndipo zotsatira zoyambirira zidatuluka patangotha miyezi yochepa.

GPS idabweretsa phunziro lalikulu kwa ofufuza zaulimi. Ofesi ya National Statistical Office itayeza minda ndi GPS pa kafukufuku wake wa mabanja wa 2010 mpaka 2011, zidaoneka, monganso m'maiko ena a mu Africa, kuti alimi a minda yaing'ono amakonda kutchula kukula kopitirira, pomwe a minda yaikulu amachepetsa. Sikuti amanama. Munthu amene sadayezepo munda wake amangoti "theka la ekala" kapena "ekala imodzi", chifukwa ndiyo miyeso imene aliyense amaidziwa. Koma zokolola zimawerengedwa pogawa matumba ndi kukula kwa munda, choncho kulakwa kwa kukula kumasokoneza chiwerengero chonse cha zokolola, ndipo ndondomeko za feteleza zimamangidwa pa ziwerengero zoterozo. Apa chipangizo chidakonza zimene pakamwa padalakwitsa.

Komabe taonani amene akutsogolera poyeza. GPS siidziwa malire a munda. Wofunsa amayenda pambuyo pa mlimi, ndipo mlimiyo ndiye amaloza kuti apa ndi panga, apo ndi pa mchemwali wanga, uku ndidabwereketsa chaka chino. Pa timadimba tating'ono ta m'zigwa kachipangizoka kamaphonya kwambiri, chifukwa kulakwa kwa mamita ochepa kumakhala gawo lalikulu la dimbalo. Vuto lalikulu kuposa apa lili m'mafunso enieniwo. Fomu ya pa tabuleti ikafunsa kuti mwini munda ndani, kawirikawiri imafuna dzina limodzi la m'nyumbamo. Koma pakati pa Achewa munda ungakhale wa mbumba ya mkazi, wolimidwa ndi mwamuna wa chikamwini, pomwe mawu omaliza pa kuugulitsa kapena kuugawa ali ndi mwinimbumba amene akukhala mudzi wina. M'banja loyandikana nalo mkazi adapita ku chitengwa ndipo zinthu zili mwina. Pa pepala, wofunsa wanzeru ankalemba m'mphepete kuti yankho silikukwanira m'bokosi. Tabuleti ilibe mphepete pokhapokha wopanga fomu ataiikamo mwadala, ndipo siilola kupita ku funso lotsatira usanasankhe. Zotsatira zake zimatuluka zooneka zoyera, zopanda mpata ngakhale umodzi, chonsecho zafufuta zimene wofufuza amayenera kuzidziwa. Kuyera kumeneko ndiko kumandidetsa nkhawa kuposa zofufutafufuta za pa pepala, chifukwa woziwerenga ku Lilongwe alibe chomuchenjeza. Mankhwala ake ndi osavuta: fomu iyesedwe kaye m'mudzi ndi anthu a komweko, ikhale ndi malo olembamo ndemanga, ndipo ndemangazo wina aziwerengedi.

Ngati setilaiti ikutha kuona nkhalango ya Ntchisi, wofufuza akwererenji phiri?

Setilaiti yachita zimene munthu woyenda pansi sakadatha. Masetilaiti a Landsat akhala akujambula dziko kuyambira 1972, ndipo zithunzi zake zidakhala zaulere mu 2008. Mu 2013 gulu lotsogozedwa ndi Matthew Hansen wa ku yunivesite ya Maryland lidatulutsa mapu a kutha kwa mitengo padziko lonse, amene tsopano aliyense angawaone pa Global Forest Watch. Wophunzira amene ali ndi bandulo yokwanira angathe kuyerekeza nkhalango ya Ntchisi, imene yakhala yotetezedwa kuyambira nthawi ya atsamunda, mmene idalili zaka makumi awiri zapitazo ndi mmene ilili lero, osachoka pampando. Angaonenso mmene mapiri a Dowa adayerera pamene fodya, nkhuni ndi minda yatsopano zinkadya mitengo.

Koma setilaiti siiona mtengo. Imaona kuwala kobwerera kuchokera pansi, ndipo kompyuta ndiyo imaphunzitsidwa kuti kuwala kwakuti kumatanthauza mitengo. Kadontho kamodzi ka chithunzi cha Landsat kamaimira malo a mamita 30 mulitali ndi 30 mulifupi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a ekala. Sentinel-2, imene idaponyedwa mu 2015, imaona mpaka mamita 10, komabe munda umene muli chimanga, nyemba ndi maungu pamodzi umaoneka ngati chinthu chimodzi. Nthawi ya dzinja, pamene ofufuza zaulimi akufunitsitsa zithunzi, mitambo imaphimba mapiriwa masiku ambiri. Nthawi ya chilimwe mitengo ya miombo imayoyola masamba ndipo moto wolusa umadetsa pansi, kotero chithunzi cha Okutobala chingaonetse ngati nkhalango yatha pamene ili chiimire. Msangu umachita zosemphana: umayoyola masamba mvula ikagwa n'kuphuka m'chilimwe, kotero mlimi amene wasunga misangu m'munda mwake angaoneke ngati alibe mtengo pa chithunzi cha Febuluwale. Mapu a Hansen amawerenga chomera chilichonse chotalika kupitirira mamita 5, ndipo sasiyanitsa bulugamu wobzalidwa ndi nkhalango yachilengedwe ya pamwamba pa phiri la Ntchisi, imene muli mbalame, anyani ndi akasupe amene midzi ya m'munsi imadalira. Palinso kudula kosankha. Wootcha makala kapena wocheka matabwa akachotsa mitengo ikuluikulu iwiri kapena itatu n'kusiya ina, denga la nkhalango limaonekabe lobiriwira kuchokera kumwamba kwa zaka zingapo.

N'chifukwa chake ofufuza odziwa ntchito amasankha malo angapo pa mapu n'kupitako kukaona ngati zimene kompyuta yanena zilidi choncho, kenako amalemba poyera kuti mapu awo alondola kangati ndipo aphonya kangati. Kafukufuku wa setilaiti amene sanena zimenezi ndi wosamalizidwa. Ndipo ngakhale mapu atalondola kuti pano mitengo yatha, sanganene chifukwa chake. Kadontho kobiriwira pakati pa minda yoyera kangakhale manda kapena dambwe, malo amene atetezedwa ndi mwambo osati ndi lamulo la boma. Wofufuza amene sadafunse a mfumu, alonda a nkhalango kapena amayi otola nkhuni ndi bowa angalembe kuti pamenepo ntchito yobzala mitengo yapindula, pomwe mitengoyo idasungidwa ndi makolo.

Kodi kufunsa anthu pa foni sikungachepetse ndalama zoyendera?

Kumachepetsadi, ndipo nthawi ya COVID-19 kudapulumutsa ntchito. Mu 2020 National Statistical Office ndi World Bank adayamba kuimbira mabanja mafoni mwezi ndi mwezi kuti adziwe mmene mliriwo ukukhudzira chakudya, ntchito ndi sukulu. Koma kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja ongopitirira pang'ono theka ndiwo adali ndi foni ya m'manja, ndipo akatswiri amene adaunika kafukufuku wa pa foni m'maiko angapo, kuphatikizapo Malawi, adapeza kuti oyankha ambiri adali mitu ya mabanja, ophunzirako ndiponso opezako bwino kuposa anthu wamba. M'mapiri vutoli limakula, chifukwa netiweki imagwira pamtunda n'kusowa m'chigwa, ndipo foni imatha masiku ili yozima podikira kukatchajitsa pa sitolo. Mayi wamasiye wa kwa Nthondo kapena kwa Kayembe amene alibe foni ndiye amene njala imamupweteka koyamba, ndipo ndiye amene kafukufuku wa pa foni samumva. Akatswiri a ziwerengero ali ndi njira zokonzera kupendekera kumeneku, koma njirazo zimadalira kafukufuku wina amene adachitika khomo ndi khomo. Foni imayenda bwino ikatsamira pa ntchito ya miyendo imene idachitika kale.

Nanga ofufuza mbiri, zilankhulo ndi nyimbo, zipangizozi zikuwathandiza bwanji?

Kwa iwo phindu lalikulu ndi lakuti zolemba zimene zidali kutali zayandikira. Mishoni ya Mvera idakhazikitsidwa mu 1889 ndi Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok m'dziko la Mfumu Chiwere, ndipo ya Kongwe idatsatira mu 1894 pansi pa Robert Blake. Makalata ndi malipoti ambiri a amishoni amenewa ali ku Stellenbosch ku South Africa, pomwe zolemba za boma la atsamunda zili ku National Archives ku Zomba ndi ku London. Nyimbo zimene Hugh Tracey adajambula m'chigawo chapakati m'zaka za m'ma 1950 zimasungidwa ku International Library of African Music ku yunivesite ya Rhodes, ndipo zidasamutsidwira pa kompyuta. British Library, kudzera mu Endangered Archives Programme, yathandizapo kujambula zina mwa zolemba zakale za m'Malawi. Wophunzira amene sakadakwanitsa ulendo wa ku Cape tsopano angathe kupempha kapena kutsitsa zina mwa zimenezi.

Msampha wake ndi wakuti chimene chili pa intaneti chimayamba kuoneka ngati ndiyo mbiri yonse. Zimene zidajambulidwa ndi zimene zidalembedwa, ndipo amene ankalemba kwambiri adali amishoni ndi mabwanamkubwa a m'maboma, m'Chingerezi, m'Chidatchi ndi m'Chiafrikaans, poona zinthu ndi maso awo. Ngakhale kufufuza m'zolembazo kumafuna wodziwa dera. Wolemba "Ntchisi" m'bokosi lofufuzira adzaphonya zambiri ngati sakudziwa kuti boma la Ntchisi linkatchedwa Visanza ndipo derali linkawerengedwa pansi pa Kota Kota. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma amene adalemba Mbiri ya Achewa komanso mbiri ya Mfumu Msyamboza ya ku Dowa, adasonkhanitsa nkhani zake pofunsa akuluakulu amene ankazikumbukira. Ntchito yotere lero yapepuka, chifukwa foni wamba imajambula mawu momveka bwino, ndipo ndikuona kuti apa ndi pamene ophunzira athu angapindule kwambiri: kujambula agogo amene akudziwa mibadwo ya maufumu, mayina akale a mitsinje ndi nkhani za njala ya 1949, asanatisiye. Zolemba za ku Stellenbosch zikaikidwa pambali pa mawu a agogowo, chilichonse chimaulula pamene chinzake chaphonya.

Kupepuka kwa kujambula kwabweretsanso udindo watsopano. Gule Wamkulu, amene UNESCO idamuzindikira mu 2005, ali ndi mbali yoonekera pabwalo ndi mbali ya kudambwe imene si ya aliyense. Kanema akangoikidwa pa Facebook kapena YouTube sabwereranso. Chilolezo cha ku yunivesite sichilowa m'malo mwa chilolezo cha eni mzinda, ndipo eni mzinda ayenera kuuzidwa momveka kuti chojambulidwacho chidzaonedwa ndi yani komanso chidzasungidwa kuti.

Kodi AI ingathandize wophunzira kulemba ndi kumasulira kafukufuku wake?

Ingathandize pa zina. Imatha kufotokoza njira ya ziwerengero imene wophunzira sadaimvetse m'kalasi, kupeza cholakwika m'malamulo a R kapena Stata, ndi kusalaza Chingerezi cha munthu amene mfundo zake n'zabwino koma chilankhulo chikumuvuta. Pa zaulimi, pulogalamu ya PlantVillage Nuru imazindikira matenda ena a mbewu pa chithunzi cha tsamba, ndipo Ulangizi, imene Opportunity International idayambitsa m'Malawi, imayankha mafunso a alimi m'Chichewa pa WhatsApp.

Pa kafukufuku, malire ake ndi awiri. Oyamba ndi akuti mapulogalamu monga ChatGPT, imene idatuluka mu Novembala 2022, amalemba zomveka bwino ngakhale pamene sakudziwa, mpaka kupeka mayina a mabuku ndi olemba amene kulibe. Pa nkhani za maboma monga Ntchisi, amene zolembedwa zake pa intaneti n'zochepa, kupeka kumeneku kumachuluka, ndipo mphunzitsi woyesa amene sadziwa derali sangakuzindikire msanga. Achiwiri ndi a chilankhulo. Google Translate idayamba kumasulira Chichewa mu 2014, koma makina amaphunzira pa zolembedwa zimene zilipo, ndipo Chichewa chochuluka pa intaneti ndi cha nyuzipepala, cha mabuku achipembedzo ndi cha zikalata za mabungwe. Chichewa cha amayi okambirana za uchembere pansi pa mtengo ku Malomo, chodzaza ndi mikuluwiko, ulemu ndi mawu ozungulira pa nkhani za kuchipinda kapena za imfa, makinawo sadachimve mokwanira. Wofufuza zaumoyo amene apereka zokambirana zotere kwa makina n'kusanthula Chingerezi chotulukacho ndiye kuti akusanthula zimene makina aganiza, osati zimene amayiwo adanena. Ntchito ya magulu monga Masakhane, ndi ya Amelia Taylor ndi anzake ku MUBAS amene akhala akusonkhanitsa zolembedwa za Chichewa zophunzitsira makina, ikuchepetsa vutoli pang'onopang'ono ndipo ndi yofunika kuithandiza. Pakadali pano lamulo labwino ndi lakuti AI ipatsidwe ntchito yokhayo imene wofufuza angathe kuitsimikiza yekha: buku lililonse lotchulidwa alitsegule, ndime iliyonse yomasuliridwa aimvetserenso pa chojambulira pamodzi ndi munthu wa chilankhulocho, ndipo alembe poyera m'lipoti mwake pamene adagwiritsa ntchito makina. Asaiwalenso kuti kuika mawu a anthu ofunsidwa mu pulogalamu yotere ndi kuwatumiza ku makompyuta a kampani ya kunja, chinthu chimene anthuwo mwina sadavomereze.

Koma anthu a m'deralo nawonso amalakwitsa, ena amakokomeza dala. Bwanji osangokhulupirira makina, amene alibe mbali?

Kutsutsa kumeneku n'kwamphamvu ndipo kuli ndi choonadi. Aliyense amene wagwirapo ntchito ya kalembera akudziwa kuti anthu akaganiza kuti mayina akulembedwera makuponi a feteleza kapena chimanga chaulere, mabanja amachuluka, ziweto zimachepa ndipo zokolola zimatsika. Mfumu ingalozere wofufuza kwa abale ake okha. Mlangizi angakometse ziwerengero za dera lake kuti asaoneke wolephera. Nkhani ya kukula kwa minda ija yaonetsa kale kuti GPS idalondola pamene pakamwa padaphonya. Choncho sindikunena kuti mawu a munthu wa m'mudzi ndiwo omaliza. Ndikunena kuti munthu ndi makina amalakwa mosiyana, ndipo phindu lili pa kusiyanako. Munthu amalakwa chifukwa cha kuiwala, mantha kapena chiyembekezo cha thandizo. Makina amalakwa chifukwa cha zimene adaphunzitsidwa ndi zimene wowapanga sadaziganizire. Zikagwirizana, wofufuza angalimbe mtima. Zikasemphana, pamenepo ndi pamene pali chinthu choti aphunzire. Kunena kuti makina alibe mbali n'kuiwala kuti wina adasankha mafunso, wina adasankha kuti mtengo uyambire mamita 5, ndipo wina adasankha midzi yofikika ndi galimoto. Kusiyana kwina n'kwakuti kulakwa kwa mlimi mmodzi kumathera pa munda wake, pomwe kulakwa kwa fomu kapena kwa mapu kumabwerezedwa mofanana m'midzi yonse, ndipo kuchulukitsa ofunsidwa sikukuchotsa.

Ena adzati zonsezi zikufuna ndalama zimene wophunzira wa digiri yachiwiri, wodzilipirira yekha, alibe. Koma zipangizo zambiri zatchulidwazi n'zaulere: KoboToolbox, ODK, QGIS, R ndi zithunzi za Landsat ndi Sentinel. Magazini ambiri a sayansi amafikika kudzera ku mgwirizano wa malaibulale wa MALICO ndi Research4Life, ndipo MAREN ikulumikiza masukulu a ukachenjede pa intaneti yotsikirako mtengo. Ku Dzaleka, msasa wa othawa kwawo umene udatsegulidwa mu 1994 ku Dowa komweko, achinyamata adayamba kuchita maphunziro a yunivesite ya Regis ya ku America pa intaneti mu 2010 kudzera m'ntchito ya Ajezwiti, umboni wakuti maphunziro apamwamba angachitike kutali ndi mzinda ngati pali magetsi, makompyuta ndi wowongolera. Ndalama zimene zapulumuka pa mapepala, pa olemba mafomu m'kompyuta ndi pa mapulogalamu ogula ndizo ziyenera kulipira ulendo wokatsimikiza. Sipafunika kuyendera munda uliwonse. Malo makumi angapo osankhidwa mwamaere, kuphatikizapo ovuta kufikako, amakwanira kuonetsa ngati chipangizo chikulondola.

Zosonkhanitsidwazo zimapita kuti, ndipo mwini wake ndani?

Kawirikawiri zimachoka pa tabuleti kupita ku makompyuta a yunivesite kapena bungwe limene lapereka ndalama, nthawi zambiri kunja kwa dziko. Malamulo alipo. Kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi makomiti a pansi pa National Commission for Science and Technology kapena a m'mayunivesite, monga COMREC, ndipo mu 2024 dziko lino lidakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta, limene MACRA ikuyang'anira. Koma zipangizo zamakono zapangitsa kubisa munthu kukhala kovuta. Kufufuta dzina sikuthandiza ngati fomu yasunga malo enieni a nyumba pa GPS, zaka za mwini nyumba ndi chiwerengero cha ana ake, pakuti m'mudzi wa nyumba makumi atatu aliyense angamuloze. N'chifukwa chake kafukufuku wamkulu, monga Demographic and Health Survey, amasuntha dala malo a midzi ndi makilomita angapo asanatulutse zotsatira kwa anthu onse. Wophunzira amene akusunga mayankho a za HIV, za ngongole kapena za mikangano ya malo pa laputopu yopanda loko, kapena kuwatumiza pa gulu la WhatsApp, akuika anthu pangozi imene iwo sakuidziwa. Ku Dzaleka, kumene kuli anthu oposa 50,000 ndipo ena adathawa adani amene akadali moyo, chithunzi chimodzi kapena malo a nyumba zingaike moyo wa munthu pachiswe. Chidindo cha chala nacho sichili ngati nambala yachinsinsi imene ungaisinthe ikabedwa.

Mbali imene imaiwalika kwambiri ndi kubweza zotsatira. Anthu ambiri amaiona ngati nkhani ya ulemu chabe, koma ine ndikuiona ngati gawo la sayansi yeniyeniyo. Ngati zopezedwa ku Chikwatula kapena ku Nachisaka zangothera m'magazini ya Chingerezi yolipiritsa, ndiye kuti anthu okhawo amene akadatha kuona cholakwa sadzaziona konse, ndipo cholakwacho chidzatengedwa ndi wofufuza wotsatira ngati choonadi. Mapu a nkhalango akasindikizidwa pa pepala lalikulu n'kuyalidwa pamaso pa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, wina adzaloza kuti apa mwati patha mitengo mpamene padapsa chaka chatha ndipo paphukanso. Ziwerengero za zokolola zikawerengedwa m'Chichewa pa msonkhano wa ADC kapena VDC, mlangizi ndi alimi adzafunsa chifukwa chake midzi ya kuseri kwa phiri mulibe. Zipangizo zomwezi zimapeputsa ntchito imeneyi: chidule cha mphindi zisanu chojambulidwa m'mawu chingayende pa WhatsApp kapena kuulutsidwa pa wailesi ya m'dera, ndipo lipoti lonse lingasiyidwe ku khonsolo ya boma ndi ku ofesi ya zaulimi ya EPA. Mayunivesite ndi makomiti ovomereza kafukufuku ali ndi mphamvu yosintha zimenezi mosavuta. Pempho lililonse lochita kafukufuku lizionetsa mu bajeti ndalama za ulendo wokatsimikiza ndi za ulendo wokabweza zotsatira, litchule kumene mayankho adzasungidwe ndi tsiku limene adzafufutidwe, ndipo wophunzira asanapatsidwe digiri aonetse chidule cha m'Chichewa chimene adakawerengera anthu amene adamuyankha, pamodzi ndi zimene iwo adatsutsa.